Kuona maso a nkhono n'kudekha: mbiri ya nambala 4,294,967,297

Makolo adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwu umaphunzitsa kuti choonadi chimaonekera kwa munthu wofatsa, ndipo mbiri ya masamu ikuuchitira umboni.

Pali nambala zina zimene sizigawika popanda chotsala, kupatula pozigawa ndi 1 kapena ndi izo zomwe. Zitsanzo zake ndi 3, 7 ndi 11. Kuyambira kalekale akatswiri akhala akufunafuna njira yopezera nambala zosagawikazi.

M'chaka cha 1640, Pierre de Fermat, woweruza milandu wa ku Toulouse m'dziko la France, adaganiza kuti waipeza njirayo. Adayamba ndi 2, naichulukitsa ndi iyo yomwe, kupeza 4. Adachitanso chimodzimodzi ndi 4, kupeza 16, kenaka 256, kenaka 65,536. Powonjezera 1 pa iliyonse mwa nambala zisanuzi adapeza 3, 5, 17, 257 ndi 65,537, ndipo zonsezi n'zosagawika. Choncho Fermat adakhulupirira kuti zotsatira zonse pa mndandandawu zidzakhalanso zosagawika, ngakhale adavomera yekha kuti adalibe umboni wokwanira. Iye adamwalira mu 1665 mfundo yakeyo isadatsutsidwe.

Nambala yachisanu ndi chimodzi pa mndandandawu ndi 4,294,967,297. Kuiyesa pamanja kudali ntchito yoopsa, chifukwa nambala zoti aigawe nazo zidalipo zikwizikwi. Mu 1729 Christian Goldbach adalembera kalata Leonhard Euler, mnyamata wa ku Switzerland amene ankagwira ntchito ku St Petersburg, kumuuza za ganizo la Fermat. Mu 1732, ali ndi zaka 25, Euler adaonetsa kuti nambalayi imagawika bwinobwino: ndi 641 kuchulukitsa ndi 6,700,417. Ziwiri zonsezi n'zosagawika.

Euler adafotokoza pambuyo pake kuti sipadafunike kuyesa nambala iliyonse. Yogawa chinambalachi iyenera kusiya 1 ikagawidwa ndi 64. Mwa nambala zosagawika zoterezi, zoyamba ndi 193, 257, 449, 577 ndi 641. Yankho lidabisala pa yachisanu, pafupi pomwepa, kwa zaka 92.

Kuchokera nthawi imeneyo, nambala za Fermat zotsatira zimene makompyuta akwanitsa kuziyesa zapezeka zogawika zonse. Mpaka lero zosagawika zodziwika ndi zisanu zoyamba zija.

Fermat sadali munthu wamba pa masamu, komatu mboni zisanu zogwirizana zidamusokeretsa. Pabwalo la milandu, m'banja ngakhale pamalonda, anthu ambiri amaweruza chomwechi: aona kasanu, nkuti zidzakhala choncho mpaka muyaya. Mdzukulu wanzeru azilemekeza mawu a akulu, koma asaleke kuwayesa modekha monga adachitira Euler.