NG'OMBE M'DZIKO LA KUM'MAWA: KUMENE TACHOKERA NDI KUMENE TILI

Pamene tasonkhana kukumbukira makolo athu, nkoyenera kuti tikumbukirenso chuma chimene chili m'makola mwathu. Munthu woyenda kuchokera ku Mwami, kudzera ku Chipata mpaka ku Katete ndi Chadiza, amaona ng'ombe zazifupi za linunda zikudya m'madambo. Akatswiri a ziweto amazitcha Angoni, ndipo zimapezekanso ku Malawi ndi ku Angonia m'chigawo cha Tete. Dzina limeneli likutiuza kumene mbiri yake iyenera kuyambira.

Makolo athu Achewa anali anthu a khasu. Anaweta mbuzi, nkhuku ndi nkhunda, koma ng'ombe zinali zowerengeka. Makola aakulu anadza ndi Angoni, amene anaoloka Zambezi m'chaka cha 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba. Patapita zaka, mwana wake Mpezeni anakhazikika m'dziko lozungulira Chipata. Kwa Angoni ng'ombe inali ulemu wa mwamuna, malowolo a mkazi ndi nsembe ya mizimu, ndipo khola linkamangidwa pakati pa mudzi. Mpaka lero pa Ncwala ku Mtenguleni amapha nkhunzi yakuda.

Chuma chimenechi chinagwa mwa masiku owerengeka. Mu January 1898 asilikali a Angerezi ochokera ku Nyasaland anagonjetsa Angoni. Nsingu, mwana wa Mpezeni, anaphedwa, ndipo ng'ombe pafupifupi 12,000 zinalandidwa. Dziko lalikulu linali kale m'manja mwa kampani ya North Charterland, imene inayamba kugawira Azungu mapulazi a fodya ndi ng'ombe mozungulira Fort Jameson, mzinda umene lero ndi Chipata. Eni dziko, Achewa ndi Angoni omwe, anakankhidwira m'malo opanikiza. Kumeneko nthaka inaguga ndipo msipu unachepa, pomwe malo amene anthu anachotsedwamo anasanduka tchire, nyama zakuthengo zinabwerera, ndipo kashembe anakwera kuchokera ku chigwa cha Luangwa napha ng'ombe zambiri. M'chaka cha 1941 boma linagula dziko la kampaniyo ndi kuyamba kubwezeramo anthu.

Ndi m'zaka zimenezi pamene Achewa anasanduka oweta enieni. Amuna obwera kuchokera ku migodi ya ku Wankie, ku Joni ndi ku Copperbelt ankagula msoti umodzi kapena iwiri ndi ndalama za thukuta lawo. Kenaka kunadza pulawo ndi ngolo, ndipo munthu wokhala ndi ng'ombe ziwiri za pagoli analima munda umene banja lonse silikadautha ndi makasu. Chimanga, mtedza ndi thonje za kum'mawa zinakula pamsana pa ng'ombe. Koma chuma chatsopanochi chinadzetsanso milandu yatsopano. Mwa mwambo wathu wa mbumba, katundu wa malume amapita kwa adzukulu, ana a mlongo wake. Koma amene anavutika ku busa anali ana a mwini khola. Mabwalo a mafumu aweruza milandu yotereyi zaka zambirimbiri, ndipo ngakhale lamulo la chuma cha masiye la 1989 linapatsa ana ndi mkazi gawo lalikulu, m'midzi ina mkangano ukadalipo.

Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, malonda a nyama anali m'manja mwa bungwe la boma la Cold Storage Board. Bungweli linkagula ng'ombe pa mtengo woikidwa ndi boma, kuzipha ndi kutumiza nyama m'mizinda. Boma linamanganso madibi m'midzi, ndipo alangizi a ziweto ankayendera makola popanda mlimi kulipira zambiri. Mtengo unali wotsika, koma mlimi ankadziwa kumene akagulitse. Boma litasintha mu 1991, makampani a boma anayamba kugulitsidwa, ndipo ntchito yogula mankhwala a dibi inatsalira mlimi mwini. Madibi ambiri anauma nasanduka maenje a achule. M'chaka cha 1994 kunabadwa kampani ya Zambeef, imene inakula mpaka kukhala ndi mapulazi onenepetsera ng'ombe ku Chisamba, malo ophera nyama m'zigawo zosiyanasiyana ndi mabutchala m'masitolo a Shoprite.

Motero ntchito ya ng'ombe m'dziko muno inagawika patatu. Pamwamba pali mapulazi aakulu a m'mbali mwa njanji, amene amaweta Boran ndi Brahman m'mipanda ndi kugulitsa pa sikelo. Pakati pali alimi amene ayamba kuweta ndi cholinga cha malonda. Pansi pali ife a m'midzi, amene tili ndi ng'ombe zoposa zisanu ndi zitatu mwa khumi zilizonse za m'dziko. Kalembera wa ziweto wa 2017 ndi 2018 anapeza ng'ombe pafupifupi 3.7 miliyoni m'Zambia yense. Zambiri mwa izo ndi za a m'midzi, koma phindu lalikulu silifika kwa iwo. Mwini khola amagulitsa kwa wamalonda woyenda m'midzi, wamalondayo amagulitsa kwa mwini butchala kapena kwa kampani, ndipo aliyense amadyapo. Chifukwa china nchakuti timagulitsa pa tsoka: mwana akathamangitsidwa kusukulu, maliro akagwa, kapena nkhokwe ikatha mu January. Wogula amadziwa kuti tapanikizika, ndipo amatchula mtengo poyang'ana ndi maso, wopanda sikelo. Timagulitsanso mtheno wokalamba umene watopa ndi goli, pomwe msika umafuna ng'ombe yaing'ono yonenepa.

Mdani wamkulu wa makola athu ndi chigodola. Nthenda imeneyi, imene imafalitsidwa ndi nkhupakupa zofiirira zokonda kukhala m'makutu, inapezeka m'dera la Fort Jameson m'chaka cha 1947, ndipo imapha makamaka mathole. Thole limatupa mwanabere pansi pa khutu, limatentha thupi, limapuma movutika, ndipo pakapita masabata awiri kapena atatu lafa. M'zaka za m'ma 1980 madotolo a ziweto a ku Belgium pamodzi ndi a dziko lino anagwira ntchito ku Chipata napanga katemera wochokera ku tizilombo topezeka ku Katete, ndipo katemerayo amadziwika ndi dzina la Katete lomwelo. Thole limabayidwa kachilombo pamodzi ndi mankhwala ochepetsa mphamvu yake, ndipo likapulumuka latetezedwa moyo wake wonse. Ndi chinthu chonyaditsa kuti dzina la boma la Mkaika likudziwika kwa akatswiri a maiko akutali. Nchomvetsa chisoni kuti alipo eni makola amene amaumira ndalama ya katemera, nadzataya thole la mtengo woposa pamenepo kakhumi.

Matenda ndiwonso amatsekereza msika. Lusaka ali pa mtunda wa makilomita oposa 550, ndipo ng'ombe kapena nyama sizingayende popanda chilolezo cha a zaziweto. Chilolezocho chilipo pofuna kuteteza makola a zigawo zina, koma chimachititsa kuti woweta wa kum'mawa adalire ogula ochepa a pafupi. Malire nawo ali ndi zawo. Pa Mwami pali chipata chamakono chimene atsogoleri a Zambia ndi Malawi anatsegula mu December 2022, koma ng'ombe zobedwa sizidzera pachipata. Zimadzera m'tinjira ta usiku kulowa ku Mchinji kapena ku Mozambique, ndipo tinjira tomweto ndimo mumalowera matenda.

Vuto lotsiriza ndi msipu. Anthu tachuluka, madambo asanduka madimba, ndipo moto wolusa umatentha udzu umene ng'ombe zikadadya m'chilimwe. Chilala cha 2024, chimene boma linachitcha tsoka la dziko lonse, chinaonetsa kuti khola lopanda mapesi osungidwa ndi madzi apafupi silichedwa kutha. Ana amene kale ankapita ku busa tsopano ali kusukulu, monga kuyenera, ndipo ng'ombe zosiyidwa zokha zimalowa m'minda ya eni ake ndi kubala milandu.

Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Dibi la mudzi silingatsitsimuke ndi thumba la munthu mmodzi, koma oweta makumi atatu akasonkha mwezi ndi mwezi lidzadzaza. Oweta akagulitsa pamodzi, tsiku limodzi, pa sikelo, wogula sadzawanyenga mmodzimmodzi. Mafumu, amene ali osunga nthaka, ali ndi mphamvu yopatula madambo a msipu ndi kuletsa ng'ombe yopanda kalata ya nyakwawa kugulitsidwa m'dziko lawo. Ndipo mwini khola aliyense anene akadali moyo, pamaso pa mbumba ndi ana ake, kuti ng'ombe iyi ndi ya uje, iyo ndi ya uje. Makolo athu anayamba ndi msoti umodzi wogula ndi ndalama za kumigodi. Tikasamala, adzukulu athu adzalandira makola odzaza ndi opanda milandu.