Mayina Atatu a Bambo Anga

Bambo anga atamwalira mu 2016, ine monga mwana wachisamba ndidasenzedwa udindo wolondola ndalama zawo za kuntchito kuti mayi apeze pogwira. Ndidatenga mapepala onse amene adali m'kasutikesi kawo n'kupita nawo ku ofesi ina mumzinda wa Lilongwe. Kalaliki wa pamenepo adawayala patebulo, nawayang'ana kwa kanthawi, kenaka adati, "Bambo, apatu mwabweretsa anthu atatu. Womwalirayo ndi uti?"

Mkuluyo sadalakwe. Pa chiphaso chakale cha msonkho padalembedwa Maliro Mbewe. Pa kalata ya ubatizo ndi setifiketi ya kusukulu padali Yohane Fulaye. Pa mapepala a kuntchito padali John Friday. Inenso ndimagwira ntchito m'boma, ndipo ndikudziwa kuti pepala silimva zakuti "ndi yemweyo". Adandiuza kuti ndikatenge kalata kwa amfumu yotsimikiza kuti atatuwa adali munthu mmodzi. Ulendo umenewu ndiwo udandiphunzitsa mbiri ya mayina athu.

Ndidayambira ku Nathenje, kumene bambo adabadwira, pamsewu wopita ku Dedza. Azakhali anga, amene pa nthawiyo adali atatsala okha pa mbumba yawo, adaseka nditawafunsa za dzina la Maliro.

"Mwanawe, agogo ako adaika ana atatu m'manda motsatizana. Atabadwa atate akowo, ndani akadalimba mtima kuwatcha Chimwemwe?"

Pamwambo wathu khanda limalandira dzina mchombo ukagwa, pamene likutuluka m'chikuta. Makolo akale sankasankha dzina chifukwa chokoma m'khutu ayi. Dzina lidali mawu amene banja lidafuna kunena koma likusowa powanenera. Maliro, Manda, Mavuto, Nditani ndi Ndaziona adali madandaulo a mayi amene wataya ana, ndipo ena ankakhulupirira kuti imfa ikamva dzina lotere imalambalala poganiza kuti palibe chotola. Mayina ena adali okuluwika olasa mnansi woganiziridwa zoipa kapena mkazi mnzake wa pamitala: Mwatitha, Lekani, Ganizani, Tiyanjane. Munthu ankayankhidwa tsiku ndi tsiku pamene mwana akuitanidwa ku nsima, popanda mlandu wopita nawo kubwalo. Nalonso dzina lakuti Kamuzu, la mtsogoleri woyamba wa dziko lino, likukumbutsa za mizu imene mayi ake adamwa pofuna mphatso ya mwana. Khalidweli si la Achewa okha. Ayoruba a ku Nigeria, ana akamafa motsatizana, amatcha wotsatirayo Malomo, kutanthauza kuti usapitenso.

Komatu dzina la pachikuta silinkakhala la muyaya. Mnyamata akalowa kudambwe, kapena mtsikana akavinidwa chinamwali, ankatuluka ndi dzina latsopano, ndipo kumuitana ndi dzina la paubwana kudali kumutukwana. Akabereka, ankasanduka bambo a uje kapena make uje. Choncho munthu mmodzi ankatha kusintha mayina katatu kapena kanayi, mudzi wonse osasokonezeka.

Amishoni atafika adapeza mwambo umenewu ulipo kale. A mpingo wa Dutch Reformed adakhazikika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, ndipo sukulu zawo zidafalikira mpaka m'midzi ya ku Nathenje. Ngakhale mpingo ndi gule zidali pa chidani, pa nkhani ya dzina zidafanana: wolowa ankasiya lakale n'kutenga latsopano. Agogo anga adalandira lawo kudambwe, pomwe bambo adalandira lawo pa ubatizo. Umu ndi mmene Maliro adasandukira Yohane, monganso Kamuzu adatengera dzina la Hastings kwa mmishonale wa ku Scotland.

Nanga Fulaye adachokera kuti? Apa azakhali adatsitsa mawu. Boma la atsamunda litakhazikika ku Lilongwe mu 1904, msonkho udayamba kufunidwa mwamphamvu, ndipo ndalama m'midzi zidali zosowa. Amuna ambiri adauyatsa wapansi kupita ku Southern Rhodesia kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi. Ena adapita ku Joni, ndipo pambuyo pake ankatengedwa ndi Wenela mpaka mu 1974, pamene ndege idagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, boma n'kuletsa kulemba anthu. Agogo adali mmodzi wa oyenda pansiwo. Mzungu wa pafamu adalephera kutchula dzina lawo, ndipo poti adalembedwa ntchito Lachisanu, adangoti "Friday". Anzawo ankati Fulaye. Atabwerera kumudzi dzinalo lidabwera nawo pamodzi ndi bulangete ndi njinga. Mukamva mabanja otchedwa Sande, Januwale, Supuni, Foloko kapena Tebulo, dziwani kuti ambiri mwa iwo ali ndi mbiri yonga imeneyi.

Chimene chidaumitsa dzinali ndi kaundula wa kusukulu. Mphunzitsi adali ndi buku lofuna mayina awiri monga achitira Angerezi. Adafunsa bambo kuti, "Atate ako ndani?" Iwo adayankha dzina limene ankamva anthu akuitanira agogo. Kuyambira tsiku limenelo Fulaye lidasiya kukhala la munthu mmodzi, lidakhala la banja lonse. Atayamba ntchito m'tauni, kalaliki wina adalibweza ku Chingerezi pamodzi ndi Yohane yemwe, ndipo padabadwa John Friday.

Tisaganize kuti zimenezi zidagwera ife tokha. Ku Mangalande mayina a mabanja adachokera ku ntchito, malo ndi makolo: Smith adali wosula zitsulo, ndipo Mac wa ku Scotland amatanthauza mwana wa uje. Ku Turkey anthu wamba ambiri adalibe dzina la banja mpaka lamulo la 1934 lidakakamiza aliyense kusankha lake. Ku Iceland anthu ambiri amangotchedwa mwana wa uje, dzina n'kumasintha m'badwo uliwonse, monga ankachitira makolo athu. Ndipo pali ena amene adavula mayina achizungu mwadala. Joseph-Désiré Mobutu adakhala Mobutu Sese Seko mu 1972, ndipo Bingu wa Mutharika, amene adalamulira dziko lino kuyambira 2004 mpaka 2012, poyamba ankadziwika ndi dzina la Thom.

Kuchokera ku Nathenje ndidalowera ku Mitundu, kwawo kwa mayi, pafupi ndi phiri la Bunda. Kumeneko ndi kumene bambo adakhala zaka zambiri pa chikamwini, choncho kalata idayenera kulembedwa ndi amfumu a kumeneko. Atsibweni anga atamva zonse adapukusa mutu.

"Iwe ukuvutika ndi mayina a eni ake. Mbewe ndi wa atate ako, Fulaye ndi wa mzungu. Kuno ndiwe mwana wa Nabanda. Munda ukulimawu udachokera kwa yani?"

Funsoli lidandilasa. Achewa timawerenga mtundu kudzera kwa mayi. Munda, ufumu ndi manda zimatsata bere. Mayina a maufumu monga Chadza, Chiseka, Kalumbu ndi Mazengera ndi mayina olowa: mfumu ikamwalira, dzina limadzuka pa wina wa m'mbumba. Mifunda yathu nayo ili ndi mbiri yake. Aphiri ndiwo adali eni ufumu wa Kalonga, pomwe Abanda adali eni nthaka ndi mvula, osunga kachisi wa Makewana ku Msinja. Mayi akamatchedwa Nabanda, Naphiri kapena Nankhoma, amakhala akupatsidwa ulemu wa mfunda wonse. Akuluakulu amati kale mfunda unkatsata mayi, ndipo chizolowezi chotenga chiwongo cha bambo chidakula Angoni atafika, iwo amene adawoloka Zambezi mu 1835 ndi mayina awo a Jere ndi ena otere. Pulofesa Kings Phiri adalembapo mu 1983 za mmene banja la Achewa lidasinthira chifukwa cha alendo, mipingo ndi chuma cha ndalama. Ine kusinthako ndidakuona pa dzina langa lomwe. Ndili ndi la ubatizo, ndili ndi la pafamu ya mzungu, koma la mayi amene adandipatsa munda mulibe.

Amfumu sadavutike ndi kalatayo. Iwo bambo ankawadziwa monga aMbewe, mkamwini wa kwa Nabanda. Adandiuza kuti ndiwerenge mayina atatu aja mmodzimmodzi, mlembi wawo akulemba, kenaka adadinda chidindo. Patapita miyezi ingapo ndalama zidatuluka, ndipo mayi adafolera nyumba yawo ndi malata.

Mu 2017 boma lidalemba nzika za zaka 16 kupita m'tsogolo m'kaundula n'kupereka zitupa za unzika. Kuyambira pamenepo munthu ali ndi dzina limodzi lomangidwa ku nambala ndi zidindo za zala zake. Zimenezi n'zabwino, chifukwa mdzukulu wanga sadzafunsidwa kuti womwalirayo ndi uti. Koma chitupa sichifotokoza kumene dzina lidachokera, ndipo agogo odziwa nkhanizi akutha. Azakhali aja adatisiya mu 2019.

Mwana wanga wamkazi atakwanitsa zaka 16, nthawi yotenga chitupa chake, adandifunsa ngati sikungakhale bwino kusiya Fulaye n'kulemba Mbewe, pakuti anzake kusukulu ankamuseka. Ndidamuuza za agogo amene adayenda pansi masabata angapo kukafuna ndalama ya msonkho, n'kubwerako ndi dzina la tsiku la pasabata. Adakhala chete, ndipo tsiku lolembetsa adalemba Fulaye. Madzulo ake tidagula kope pagolosale. Patsamba loyamba adalemba Maliro, Yohane, John ndi Mbewe, dzina lililonse ndi nkhani yake. Tsamba lachiwiri tidalisungira mayi anga, ndipo Loweruka lotsatira tidakwera minibasi ya ku Mitundu kukawafunsa dzina limene adatuluka nalo m'chikuta.