Meya wakuda ku Atlanta: ndalama zinafika kwa yani?

Mu 1973, anthu a mumzinda wa Atlanta ku America anasankha Maynard Jackson kukhala meya, munthu wakuda woyamba kutsogolera mzindawo. Ine ndikamawerenga mbiriyi, funso langa limakhala limodzi: kodi mavoti aja anasintha chiyani m'matumba mwa anthu akuda?

Jackson akulowa pampando, makampani a anthu akuda ankalandira zosakwana 1 peresenti ya makontirakiti a khonsolo ya mzindawo. Itafika ntchito yokulitsa bwalo la ndege la Hartsfield, iye anaumirira kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a ntchitoyo liperekedwe kumakampani a anthu akuda ndi a mitundu ina yosalidwa. Eni chuma achizungu anakwiya, koma iye sanasunthike. Pofika 1978, gawo la makampaniwa pa makontirakiti a khonsolo linali litapitirira 30 peresenti, ndipo amalonda ngati Herman Russell wa zomangamanga anakula nazo. Izi sizochepa ayi.

Koma taonaninso mbali ina. Mu 1977, ogwira ntchito yochotsa zinyalala, ambiri mwa iwo akuda, ananyanyala ntchito pofuna kukwezedwa malipiro. Jackson anachotsa ntchito anthu oposa 900. Ambiri anabwezeretsedwa pambuyo pake, koma sitiraka inali itasweka kale.

Sindikuona kuti anali wouma mtima chabe. Anapatsidwa mpando thumba lili lobooka. Azungu ambiri ankasamukira kumadera ozungulira mzinda, misonkho yawo n'kupita nawo. Chiwerengero cha anthu a mu Atlanta chinatsika kuchoka pa 497,000 mu 1970 kufika pa 425,000 mu 1980. Meya ankafunika kusangalatsa eni makampani akuluakulu kuti nawonso asathawe. Mameya akuda omwe anabwera pambuyo pake anayenda njira yomweyo. Pokonzekera masewera a Olimpiki a 1996, nyumba za boma za anthu osauka za Techwood Homes zinagumulidwa, ndipo ochepa okha mwa okhalamo ndiwo anabwererako.

Ndiye ine ndikuti kontirakiti imapindulira munthu amene ali kale ndi kampani. Wochotsa zinyalala amapindula ndi malipiro, nyumba yotsika mtengo ndi sukulu yabwino, ndipo izi zimalira ndalama zomwe khonsolo inalibe. Tikamayamikira mtsogoleri chifukwa ndi "wathu", tizifunsanso kuti ndalamazo zinathera pakhomo pa yani.