Panna cotta ya khofi

Panna cotta ya khofi ndi chakudya chotsekemera chomwe chimadyedwa chozizira pambuyo pa chakudya chachikulu. Amachikonza ndi kirimu wa mkaka wa ng'ombe, shuga, khofi ndi jelatini. Dzinali ndi la Chitaliyana: panna ndi kirimu, ndipo cotta ndi chinthu chophikidwa. Komabe dzinali limasocheretsa, chifukwa kirimuyo amangotenthetsedwa pang'ono. Chimene chimalimbitsa chakudyachi ndi jelatini akazizira. Apa ndi pamene chimasiyanira ndi kasitadi, yemwe amalimba pamoto chifukwa cha mazira kapena ufa. Panna cotta yokonzedwa bwino imaima yokha m'mbale, imanjenjemera mbaleyo ikagwedezeka, ndipo imasungunuka ikangofika pa lilime.

Mbiri

Kwawo kwa panna cotta ndi ku Piemonte, chigawo cha kumpoto chakumadzulo kwa Italy chomwe likulu lake ndi Turin. Ngakhale imatchedwa chakudya cha makolo, dzina lake silipezeka m'mabuku a zophikaphika a ku Italy asanafike ma 1960. Pali nkhani yomwe imakambidwa yoti inayamba ndi mayi wina wa ku Hungary yemwe ankakhala ku dera la Langhe, koma nkhaniyi ilibe umboni wolembedwa. Mu 2001 chigawo cha Piemonte chinaiika pa mndandanda wa zakudya zake za chikhalidwe. Kumeneko amakonda kuidya ndi shuga wowotcha kapena zipatso, ndipo ya khofi ndi umodzi mwa mitundu yake yofala.

Khofi wa ku Livingstonia

Ku Malawi panna cotta siidziwika kwenikweni m'makomo, koma khofi woyenera kukonzera chakudyachi amalimidwa m'dziko momwemu. Limodzi mwa madera ake ndi mapiri a Phoka m'boma la Rumphi, kum'mawa kwa Nyika, komwe kuli Livingstonia. Tauniyi inamangidwa pa Khondowe mu 1894, pamene Dr Robert Laws ndi amishoni a Free Church of Scotland anasamutsirako likulu lawo kuchokera ku Bandawe pothawa malungo a m'mbali mwa nyanja. Kukwera ndi kuzizira kwa malowa, komwe kunakopa amishoniwo, ndi komwenso khofi wa mtundu wa arabica amafuna.

Khofi anafika m'dziko muno mu 1878, pamene mbande zochokera ku Edinburgh zinabzalidwa pa mishoni ya Blantyre. Minda ikuluikulu ya azungu kummwera inachita bwino m'ma 1890, kenaka inagwa chifukwa cha tizilombo, kuguga kwa nthaka ndi kutsika kwa mitengo. Kumpoto ulimiwu unakhazikika m'manja mwa alimi ang'onoang'ono. Lero alimi a ku Phoka ali ndi kopaletivi yawo, yomwe ili pansi pa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union pamodzi ndi ena monga a ku Misuku m'boma la Chitipa. Mwa mitundu yomwe amalima muli Geisha ndi Catimor.

Zipatso zikapsa n'kufiira amazithyola ndi manja, kuzisenda, kuzivundika, kuzitsuka ndi kuziyanika pa thandala. Khofi wotsukidwa motere amakhala ndi fungo labwino komanso kakuwawasa pang'ono ngati ka zipatso. Mafuta a m'kirimu amaphimba kakomedwe kameneka, choncho khofi wa mu panna cotta amayenera kukhala wamphamvu kuposa wakumwa. Wokazinga mopitirira amapereka kuwawa kokhakokha, ndipo shuga sakubisa.

Zofunika

Pa makapu ang'onoang'ono anayi kapena asanu pamafunika kirimu wokwana mamililita 400, mkaka mamililita 100, shuga magalamu 60 mpaka 80, khofi wogaya mosalala kwambiri ayi masupuni akuluakulu atatu, ndi jelatini wa ufa magalamu 6 kapena 7, omwe ndi masupuni ang'onoang'ono awiri ndi kachidutswa. Wogwiritsa ntchito khofi wongosungunula m'madzi amathira supuni yaikulu imodzi.

Kirimu ndiye wovuta kupeza kunja kwa mizinda, komanso ndi wokwera mtengo. Amene ali ndi mkaka wongokama kumene angathe kuuwiritsa, kuuziziritsa usiku wonse, ndi kuwengula mafuta oyandama pamwamba. Mkaka wa m'mapaketi sutero, chifukwa mafuta ake amaphwanyidwa ku fakitale kuti asayandame. Mkaka wokha wopanda kirimu umalimba ndithu, koma chotuluka chimakhala ngati jele ya mkaka. Ena amalowetsa yogati kapena chambiko m'malo mwa gawo la kirimu, ndipo amathira zimenezi poto atachoka kale pamoto kuti zisadukeduke.

Kakonzedwe

Jelatini amamwazidwa pamwamba pa madzi ozizira okwana masupuni akuluakulu atatu ndi kusiyidwa mphindi 5 mpaka 10 kuti afufume. Akathiridwa wouma m'kirimu wotentha amapanga mibulu yomwe siisungunukanso.

Kirimu, mkaka ndi shuga zimatenthetsedwa pa moto wochepa mpaka nthunzi iyambe kutuluka ndipo timathovu tioneke m'mbali mwa poto. Siziyenera kubwadamuka. Poto akachoka pamoto amathiramo khofi, kuvundikira, ndi kudikira mphindi 5 mpaka 10. Kenaka amasefa ndi kansalu koyera, popeza sefa ya tiyi imadutsitsa nsenga zomwe zimakamveka ngati mchenga m'kamwa. Jelatini wofufuma uja amathiridwa zosefedwazo zikadali zotentha, ndi kutakasa mpaka atasungunuka yense.

Chotsatira ndi chomwe ambiri amachidumpha. Zosakanizazi ziyenera kuzizira kaye, uku zikutakasidwa mwa apo ndi apo, mpaka zitayamba kukhuthala pang'ono. Poto angathe kukhazikidwa m'beseni la madzi ozizira kuti izi zifulumire. Zikathiridwa m'makapu zili zotentha, mafuta amakwera pamwamba ndipo madzi a khofi amatsikira pansi, motero panna cotta imatuluka yogawikana pawiri. Makapu amavundikiridwa ndi kuikidwa mu firiji maola osachepera 4, koma usiku wonse ndiye bwino.

Ingathe kudyedwa m'kapu momwemo. Wofuna kuikhuthulira m'mbale amaviika kapuyo m'madzi ofunda kwa masekondi ochepa, kuvundikira ndi mbale, n'kugadabuza.

Jelatini ndi kuzizira

Jelatini amachokera ku kolajeni, puloteni wopezeka m'zikopa, m'mitsempha ndi m'mafupa a nyama. Ndi chinthu chomwecho chimene chimapangitsa msuzi wa mapazi a ng'ombe kugwirana ukagona. M'madzi otentha tizingwe ta puloteniyu timamasuka, ndipo madziwo akazizira timalukana ngati ukonde n'kugwira madzi ndi mafuta pamodzi. Ukondewu umamasukanso pa madigiri 30 mpaka 35, kucheperako pang'ono kutentha kwa thupi la munthu. N'chifukwa chake panna cotta imasungunuka m'kamwa, komanso n'chifukwa chake siipirira ulendo.

Kusiyana kwa nyengo pakati pa Livingstonia ndi Chitimba kukusonyeza bwino zimenezi. Malo awiriwa atalikirana makilomita pafupifupi 15 kudzera msewu wa Gorodi wokhala ndi makona ngati 20, koma Chitimba ali m'mbali mwa nyanja pomwe Livingstonia ali pamwamba pa phiri. Panna cotta yomwe ingakhale patebulo kwa kanthawi ku Livingstonia mu June kapena July ingafewe msanga ku Chitimba mu October. Komabe kuzizira kwa kumapiri sikulowa m'malo mwa firiji. Jelatini angathe kugwira usiku wozizira, koma kirimu amafuna madigiri 5 kapena kucheperapo kuti tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba tisaswane. Mu firiji yoyenda bwino panna cotta imasungika masiku awiri kapena atatu. Magetsi akathima kwa maola ambiri n'kupezeka kuti yafunda, ndi bwino kuitaya, ngakhale italimbanso magetsi atabwera, chifukwa kulimbako sikusonyeza kuti ndi yabwino.

Muyeso wa jelatini nawonso sufuna kungoyerekeza. Akachepa, chakudyacho chimaphwasuka pokhuthula, ndipo akachuluka chimatafunika ngati labala. Kuwiritsa kwa nthawi yaitali kumamufooketsa. Nanazi ndi papaya zosaphika zili ndi ma enzyme otchedwa bromelain ndi papain, omwe amadula tizingwe ta jelatini, choncho zikasakanizidwamo panna cotta siilimba ngakhale itagona mu firiji. Zipatsozi zikaphikidwa kaye vutoli limatha, kapena zingaikidwe pambali pa nthawi yodya.

Za chipembedzo ndi thanzi

Jelatini wambiri wa pa msika wa dziko lonse amachokera ku zikopa za nkhumba, ndipo wina ku ng'ombe kapena nsomba. Asilamu, a Seventh-day Adventist ndi ena osadya nkhumba ayenera kuwerenga zolembedwa pa paketi, ndipo wokonzera alendo amachita bwino kuwauza. Osadya nyama amagwiritsa ntchito agar, wochokera ku zomera za m'nyanja ya mchere. Agar amafunika wochepa kuposa jelatini, amayenera kuwira kuti asungunuke, ndipo amalimba ngakhale kunja kwa firiji, koma panna cotta yake imathetheka m'malo mosungunuka pa lilime.

Khofi amene ali mu kapu imodzi ya panna cotta ali ndi caffeine ndithu. Pokonzera ana ang'ono, ophika amachotsa khofiyo n'kuthira vanila kapena khungu la ndimu.