Ciyambi ca Mapologalamu a Zoseketsa za Pakhomo

Kale munthu akaterereka m'matope, omseka anali a pamudzi pace okha, ndipo pofika madzulo nkhani inatha. Makono kugwa kwa munthu mmodzi kuseketsa maiko ambiri. Tiyeni tione umo cinthu ici cinayambira.

M'zaka za m'ma 1980 makina ang'ono ojambulira zithunzi zoyenda anacuruka m'nyumba za anthu; a Sony anaturutsa Handycam yao mu 1985. Pamenepo makolo anayamba kujambula maukwati, ana ndi agaru ao. M'caka ca 1986 wailesi ya kanema ya TBS ku Japan inatsegula pologalamu ya anthabwala awiri, Cha Kato ndi Ken Shimura, ndipo cigawo cace cina cinaonetsa zoseketsa zimene oonera okha anatumiza. Munthu wa ku America, dzina lace Vin Di Bona, anatenga nzeru imeneyi, kotero kuti pa 26 November 1989 wailesi ya ABC inaonetsa America's Funniest Home Videos, woitsogolera ali Bob Saget. Wopambana pa sabata analandira madola 10,000. Ku Britain nako, ITV inayamba You've Been Framed! mu 1990 ndi Jeremy Beadle, nilipira mapaundi 250 pa kacithunzi kali konse kamene kanaonetsedwa.

Cacilendo cinali ici: oseketsa sanali akatswiri ai, koma anthu wamba, mkwati wogwa pobvina kapena mwana wogona m'mbale. Komatu mphotho inadza ndi yeso lace, pakuti kugwa kukakhala ndi mtengo, wogwira makina akhoza kucedwa kudzutsa wagwayo. Cokhaco, masiku aja panali alonda pacipata: anthu a nchito anayang'ana matepi, nasankha ena, nakana ena, napempha cilolezo colembedwa kwa ojambulidwa.

Mu 2005 kunabadwa YouTube, ndipo posacedwa lamya za m'manja zinapatsa yense mphamvu ya kujambula ndi kufalitsa yekha. You've Been Framed! inaleka mu 2022. Tsono pa intaneti wosankha woyamba ndiye mwini lamya, ndipo mlonda wotsala ndiye cikumbumtima cace.

Kuseka si kulakwa. Kupeputsa mtima wolema. Koma tisanatumize cithunzi, tifunse ngati mwini wace aseka nafe pamodzi, kapena tingomseka. Akulu anati, caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.