Nyumba Yosunga Dzina la Nsingo

Nyumba zosungiramo zinthu zakale zimasankha amene adzakumbukidwa ndi amene adzaiwalika. Ya ku Livingstone, yotsegulidwa m'caka ca 1934, inasenza dzina la Rhodes kuyambira 1939 kufikira 1966. Nalonso boma la Chipata linali ndi dzina la Jameson, bwenzi la Rhodes.

Nanga Angoni? M'Januwale 1898 asilikari a Angerezi anathira nkhondo dziko la Mpezeni, natentha midzi, nalanda ng'ombe zikwi zambiri. Nsingo, mwana wace wa Mpezeni, amene anatsogolera ankhondo, anaphedwa ndi mfuti m'Februwale, ndipo Nc'wala inaleka kufikira 1980. Posowa ng'ombe ndi ndalama za msonkho, amuna ambiri anapita ku migodi ya ku Southern Rhodesia.

Pa Feni pali nyumba yosunga zakale ya dzina la Nsingo. Nchito ya osunga nyumba yotere siingathere pa kuonetsa nthungo ndi zishango. Ayenera kunena poyera amene analanda ng'ombezo, kuti adzukulu a ogonjetsedwawo amve mlandu wonse, mbali zonse ziwiri.