Mitengo ya Mthunzi ku Bindura

Mgodi wa golide wa Kimberley Reefs utatsegulidwa mu 1901, dera la Bindura linali tchire la mitengo ya msasa, ija imaphuka masamba ofiira chilimwe chikayandikira. Migodi ya m'chigwa cha Mazowe inadya mitengo yambiri, ina ngati nkhuni zoyendetsera makina a nthunzi, ina ngati mizati yochirikizira maenje. Njanji itafika mu 1913, tauni ya pamalopo inasiya dzina la mgodi uja n'kutchedwa Bindura.

Mthunzi umene unabwera pambuyo pake unali wachilendo. Bulugamu wa ku Australia ankakondedwa chifukwa amakula msanga ndipo amawongoka, ngakhale kuti pansi pake pamauma gwaa, osamerapo kanthu. Kunyumba za azungu kunali jakaranda wa ku South America, amene mu Okutobala amayala maluwa ofiirira pabwalo ponse, wosesa n'kutopa nawo.

M'makomboni, momwe munkakhala anthu ambiri ochokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique, mtengo wa maluwa okha unalibe malo. Mango ndiwo ankapambana: sayoyola masamba m'nyengo yotentha, ndipo mu Disembala ana amatola zipatso.